Mzere Umene Ndinalumpha

Abwana sanapsatire mawu: mafayilo onse a CSV, momwe muli mizere ya mankhwala a odwala, akhale atalowa mu detabesi, nkhokwe yathu ya pa kompyuta, pofika mawa, apo ayi ndisabwerenso. Choncho mdima unandipeza mu ofesi.

Detabesi imakana mzere wa mankhwala ngati mwini wake mulibe mu mndandanda wa odwala. Ikakana, timagwira awiri. Ine ndimawerenga mzerewo mokweza, mpatuliro ndi mpatuliro, ndipo achemwali ena ogwira nawo ntchito, okhala kuseri kwa kabati, amayang'ana pa kompyuta yawo n'kuvomera.

Ndinawerenga mzere. "Eya," anatero. Ndinawerenga wina. "Eya."

Foni yanga inalira. Anali achemwali omwewo, mwana akulira chapafupi.

"Iwe, ukadali ku ofesi? Pepa ndakuthawa masana, mwanayu watentha thupi."

Ndimakonda mafunso ozunguza mutu, koma ili ndinalisiya. Ndinayang'ana chitseko. Makiyi ake amakhala pa desiki ya achemwali, kuseri kwa kabati.

"Walumpha umodzi," anatero mawu aja kuseri kwa kabati.

Ndinayang'ana mu fayilo. Sanali kunama.

"Bwerera." Timatayala ta mpando tinayamba kulira pang'onopang'ono, kuzungulira kabati.