Mapu a Bwana Sanama

"Mwachedwa, mayi. Mafunso a ntchito tatseka kale," anatero bwana wa ofesi yokonza za mayendedwe, maso ali pa nsapato zamatope za mayiyo.

Mayiyo anali atalawirira m'mamawa, n'kusiyira apongozi ake mwana wodwala chifuwa, poti pakhomo pawo panalibe aliyense amene anali pantchito.

"Pepani bwana, ndimakhala kutsidya kwa mtsinje. Kwathu minibasi sizifika. Ndayenda wapansi mpaka kumlatho wakumtunda, kenaka ndakwera ziwiri."

Bwana anaimirira monyadira n'kuloza mapu aakulu pakhoma.

"Kwanu si apa? Taonani, m'pobiriwira. Konse kobiriwira munthu amafika kuntchito, kuchipatala ndi kusukulu pasanathe theka la ola. Kompyuta inayeza."

"Nanga kompyutayo inawolokera pati, bwana? Mlatho wapafupi unakokoloka mwana wanga asanabadwe."

Mlembi wa muofesimo anatsokomola pobisa kuseka. Bwana nkhope inachita mdima.

"Kuchedwa tikhoza kukhululuka, koma bodza ayi. Munthu wotsutsana ndi mapu tsiku loyamba lomwe, tingagwire naye bwanji ntchito?"

Mayiyo anabweza masatifiketi ake m'chikwama. Atafika pakhomo anatembenuka n'kufunsa mlembi chapansipansi.

"Achimwene, munangolengeza kuti mukufuna wothandiza pa kafukufuku. Kwenikweni ntchito yake inali yotani?"

"Kuyendera madera, kukaona ngati mapuwa akunena zoona," anayankha mlembiyo akudinda mapepala. "Tatenga bambo wina wokhala kuseri kwa ofesi konkuno. Iyeyo ndiye sanachedwe."