Zinanyamuka Zinayi

Alamu ake atatu anamupanikizira Nkiruka pamkeka. Wamkulu, Obiageli, anali atagwira lumo.

"Khala phee, iwe! Ndege imene amaulutsa mwamuna wako aigwetsa kunkhondo. Kwathu kuno namfedwa amametedwa."

"Nanga mtembo wa mwamuna wanga Somadina uli kuti, alamu? Asilikali angotibweretsera chisoti chokha!"

Lumo linamucheka pamwamba pa khutu. Nkiruka analuma dzanja la Obiageli mpaka mano anafika pafupa, kenako anamenya mlamu wina pakamwa ndi chisoti chija. Magazi anadontha pamkeka.

Mwadzidzidzi malata ananjenjemera. Ndege zankhondo zinali kubwerera. Nkiruka anathamangira panja, mutu utametedwa mbali imodzi, n'kuyamba kuziwerenga monga ankachitira masiku onse.

Lolemba zinanyamuka zinayi. Lero zinadutsa zitatu.

"Bwererani, agalu inu!" anakuwa. "Mwamusiya!"