Kadzungu Kamene Collins Analoza

"Ee, taona kadzungu ako kukongola!" anatero Collins, akuloza ndi chala m'munda wa kwawo kwa Priscilla, chibwenzi chake, ku Vubwi.

Priscilla anamumenya padzanja. "Iwe! Dzungu laling'ono saloza ndi chala, limafota. Timaloza ndi chibakera."

Mayi ake a Priscilla, a Nabanda, anaimika khasu. Sanamuyang'ane n'komwe Collins, mnyamata wa ku Lusakayo, koma analankhula ndi mwana wawo.

"Uwauze alendowa kuti kadzunguka kakathothoka, za ukwati aiwale."

Collins anabwerera ku Lusaka mtima uli m'mwamba. Mlungu uliwonse ankaimba foni kufunsa kuti, "Kakadalipo?"

"Kalipo, kakukula," ankayankha Priscilla.

Tsiku lina m'mawa Priscilla anapita kumunda kukathyola chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu. Anapeza mayi ake atagwada, akuthira manyowa a mbuzi patsinde. Kadzungu kaja anali atakayalira udzu pansi n'kukatchinga ndi minga.

"Amama, nanga maungu enawa simuwasamala?"

"Enawo palibe anawaloza," anayankha a Nabanda, osadzutsa mutu. "Mnyamata uja anandipatsa moni atanyonyomala. Ndimutaye chifukwa cha chala chimodzi?"