Chimfine cha Pulofesa

"Chingerezi chilibenso mwini!" Pulofesa anamenya tebulo mpaka choko kuduka. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikufufuza zimenezi. Chilankhuleni ndi lilime lomwe munabadwa nalo. Zolankhulira m'mphuno ngati azungu n'zaukapolo!"

Ophunzira ali mkati molemba, foni yake inalira. Inali nambala yakunja, ya kampani yosindikiza mabuku yomwe inasunga buku lake chaka chathunthu osayankha. Pofuna kuyankha anadina polakwika, mawu n'kuyamba kumveka kalasi yonse.

Pulofesa anawongoka, n'kukonza tayi. Chingerezi chomwe chinatuluka, ngakhale mkazi wake sakanachizindikira: chopyapyala, choterera, chonse chodzera m'mphuno. Ophunzira anaika zolembera pansi.

Mayi wa pafoniyo anamvetsera pang'ono, kenaka anachitaya Chingerezicho n'kuyamba Chichewa.

"Aphunzitsi, ndine mkonzi wa buku lanu, ndipo talivomera. Munandiphunzitsa ndinu, ndinkakhala kutsogolo, pafupi ndi zenera. Komatu mawu anuwa sindikuwazindikira. Mwadwala chimfine?"

Pulofesa anayang'ana kalasi, kalasi n'kumuyang'ananso. Anatulutsa kampango m'thumba, n'kutsokomola kawiri.

"Chimandigwira nthawi ndi nthawi, mwanangu," anatero motsitsa. "Makamaka ikalira foni yakunja."