Kaliyala pa Njinga ya Mpikisano

Fungo la chitsulo chowotcherera linayamba kulowa m'nyumba mwa namwino wina, achimwene ake pambuyo akukankha njinga. Namwinoyo anasiya bokosi lokanyamulira njingayo pandege, n'kutembenuka.

Njinga yake ya mpikisano wakunja, yopepuka ngati nthenga, imene chaka chonse ankakwera nayo zitunda asanapite kuntchito, tsopano inali ndi chikaliyala kumbuyo. Penti anali atapserera, felemu itabooka.

"Achimwene, mwaitani njinga yanga?"

"Ndakaiwotcheretsa kaliyala. Osathokoza bwanji?"

"Ndikunyamuka mawa kukapikisana, sindikupita kumsika! Munandifunsa ine?"

Namwinoyo anaika chala pabowo paja.

Achimwenewo anamenya kaliyalayo ndi chikhato, phaa, monyadira.

"Iwe mlongo, nanga katundu wathu wakunjako umati ukabwera naye pamutu?"