Kaundula wa Wayifayi

Providence ataona mlamu wake Saulosi akulowa m'paki ya pa Boma, anabisala kuseri kwa mtengo, mwana ali kumsana. Anali atathawa kwa apongozi ku Euthini, ndipo akuchimuna ankafuna mwanayo poti lobola anamaliza.

Koma dzina lake linali kale m'kaundula wa ogwiritsa ntchito wayifayi yaulere, patebulo la NyaZgambo, woyang'anira pakiyo.

"Amama, ndione nawo bukulo," anatero Saulosi. "Tikusaka mkazi wathu."

NyaZgambo anatseka bukulo n'kulikhalira.

"Lamulo ndi ilo pachikwangwani, adada. Maina a anthu sitionetsa."

"Inetu ndine mlamu wake."

"Kaya mlamu, kaya bishopu. Mukafuna intaneti, mbwenu nenani dzina, ndilemba ndekha."

Kuseri kuja mwana anayamba kulira. NyaZgambo anangokweza kawailesi kake, osacheuka n'komwe.