Sewero la Asisi

"Kodi kunyumba kwanu mumagona mtima uli m'malo?" anafunsa mtsikanayo, maso ali pa kope lake.

"Ayi," anayankha Asisi.

Mtsikanayo analemba yankholo, kenako anacheukira kwa Madamu, mkulu wa bungwe amene amayesa ophunzirawo. Madamu anagwedeza mutu. Funso lolondola, malikisi onse.

Linali tsiku limene mabungwe amadzaza holo ya koleji ndi matebulo, zikwangwani ndi maswiti, kudzauza ophunzira za chisamaliro cha anthu kuti dziko likuwadikira. Dziko lake liti kaya. Pa matebulo onsewo ntchito yeniyeni inali imodzi yokha, ya ku bungwe la Madamu, ndipo oifuna anandanda mpaka pakhonde. Pofuna kuwasefa, Madamu anatchinga ngodya ina ndi katani n'kuikamo mipando. Aliyense alowe, acheze ndi mayi wozunzidwa ndi mwamuna wake, aonetse zimene anaphunzira. Mayi wake wa sewero chabe, ndipo mayiyo anali Asisi.

Asisi anamaliza maphunziro omwewa kalekale, gauni anavalira m'holo yomweyi, n'chifukwa chake ana a masiku ano amawatchula choncho. Kuyambira pamenepo ntchito inakhala ngati mvula ya kwa eni, kumangoimvera kugunda. Lero sanadzere sewero ayi. Anadzera ntchito ija, makamaka mawu awiri olembedwa m'munsi mwa chikwangwani: nyumba ilipo. Kachipinda ka bungwe, kutali ndi kuno, chitseko chake ndi kiyi wake. Kachipinda kameneko Asisi amakafuna ndi mtima wonse.

Koma m'mawa wochita sewero amene Madamu anagwirizana naye sanatulukire. Madamu anaona Asisi pamzere, mpango kumutu, magalasi akuda kumaso, n'kuwakoka dzanja.

"Inu ndinu wathu, tipulumutseni. Khalani kuseriko, mayi wa ku saluni abwera akupakeni nkhope. Za ntchito tikambirana pomaliza."

Wopempha sakana kutumidwa. Asisi anapita kuseri kwa katani. Pamene Madamu amabwerako ndi wophunzira woyamba, magalasi anali m'chikwama, diso lamanzere lili bii, lotupa, mlomo utang'ambika m'mbali.

"Mayi wa ku saluniyu manja ake ngodala," anatero Madamu. "Tiyambe."

Ndiye anayamba kulowa, mmodzimmodzi, atatchena ngati akupita ku ukwati. Wina anati pepani mayi, limbani mtima. Mnyamata wina wa tayi anawalangiza kuti banja ndi kupirira, Madamu n'kumutulutsa asanamalize. Ambiri anafunsa bwino ndithu, monga mwa buku. Buku limenelo Asisi amalidziwa pamtima, mwina kuposa iwo.

Madamu anangowauza kuti anene za mwamuna woledzera, basi. Asisi anawonjezera zawo. Mwamunayo samwa n'komwe, amatero, ndi munthu waulemu amene anthu amamupatsa moni ndi manja awiri. Akafuna kuyamba amakweza kaye wailesi kuti oyandikana nawo asamve. Akamaliza amabweretsa yekha madzi ofunda ndi kansalu.

"Koma mumazitenga kuti zimenezi?" Madamu ananong'ona, maso akuwala. "Pitirizani choncho."

M'chikwama foni inkanjenjemera, n'kuleka, n'kuyambiranso. Asisi sanaikhudze. Iwo ankayang'ana aliyense wolowa m'maso mwenimweni, kudikira kuti mwina uyu aika cholembera pansi. Koma anawo maso awo anali kwa Madamu, kumene kunali ntchito. Ndani angawanene? Nawonso kwawo anasiya makolo akudikira.

Mmodzi yekha, kamtsikana kachete kovala nsapato zobwereka, anasiya kulemba. Anasendeza mpando, n'kutambasula dzanja pang'onopang'ono kulunjika pa diso lija. Asisi anasendera kutsogolo.

"Osakhudza," anatero Madamu. "Ufufuta utoto, anzako akadali pamzere."

Kamtsikanako kanabweza dzanja, kanapepesa, kanatuluka. Asisi anakaperekeza ndi maso. Misozi imene inatsika pamenepo Madamu anaiyamikira kwambiri.

Dzuwa litapendeka anachotsa katani. Ntchito inapita kwa mtsikana wa funso lolondola uja, ndipo anzake anamunyamula m'mwamba. Kenako Madamu anaimiritsa Asisi kutsogolo, holo yonse n'kuwomba m'manja. Ena anajambula diso lija pa foni.

"Nanga za ine, Madamu?" anafunsa Asisi phokoso litachepa.

"Iii, Asisi, inu nanga munayesedwa? Malo anali amodzi, mwaona nokha. Komatu luso lanu ndi limeneli. Chaka chamawa tidzakuitananinso."

Asisi anatsegula pakamwa, koma mawu onse anali atawanena kale tsiku lonse, ndipo anawomberedwa m'manja. Otsala analibe. Anavala magalasi, anakonza mpango. Pageti galimoto ya amuna awo inali itaima, wailesi ikumveka mpaka m'holo.

Pakhomo anapatukira mayi wina amene amalowa mothamanga, thukuta lili kamukamu, bokosi la zopakapaka lili m'khwapa. Asisi ali pa masitepe anamva Madamu akumulandira kumbuyo kwawo.

"Mayi, lero mwatigometsa. Diso lija ngati lenileni."

"Diso liti, Madamu? Basi inatifera panjira, ine ndikungofika kumene. Sindinapake munthu."